PAKHONDE PATHU: Kodi Munthu Angadyere Ndakatulo?

Mwezi uno talandira kalata imene yatisowetsa tulo masiku angapo. Yachokera kwa mayi ena a m'boma la Dedza, amene atipempha kuti tisatchule dzina lao, ndipo ife talemekeza pempho limeneli. Mayiwa ali ndi mwana wamkazi wa zaka 19 amene adakhoza bwino mayeso a Fomu 4 chaka chatha. Bambo a mtsikanayu adamlambulira kale njira, yakuti afunsire malo ku sukulu ya aphunzitsi, ndipo akatuluka kumeneko azilandira malipiro pakutha pa mwezi monga achitira anthu ena. Koma mtsikanayu wanena mosabisa kuti iye afuna kukhala mlakatuli, ndipo osati wongolemba m'mabuku ai, koma wa mtundu uja woimirira pamaso pa khamu ndi kulakatula za pamtima, umene achinyamata a m'mizinda autchula kuti spoken word.

Tsiku lina madzulo mau adakula m'nyumbamo, ndipo bambowo, mtima utawapsa, adatenga kope la mwanayo, m'mene munali ndakatulo zake za zaka zitatu, naliponya pamoto. Kuyambira tsiku limenelo bambo ndi mwana salankhulana. Mwanayo apereka madzi osamba m'manja atagwada monga mwa mwambo, koma maso ali kumbali. Tsono mayiwa atifunsa mafunso awiri: "Kodi ine ndiime mbali iti? Nanga alipo munthu pansi pano amene adadyerapo ndakatulo?"

TIYAMBE TAULULA MLANDU WATHU

Tisanaloze chala munthu aliyense, tiyambe taulula mlandu wathu ife eni. Zaka zisanu zapitazo tidali asungichuma a komiti ya ukwati wa mwana wa mlongo wathu. Pa pepala la ndondomeko ya ndalama tidalembapo holo, ophika, galimoto ya akwati, wojambula zithunzi ndi mnyamata wa zoimbira, ndipo onsewa tidawalipira, ena theka ntchito isanayambe nkomwe. Pakati pa madyerero adaimirira mnyamata wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene tidampempha sabata ziwiri m'mbuyomo kuti adzanenepo kandakatulo. Iye adayenda yekha kukacheza ndi agogo a mbali zonse ziwiri, kotero kuti pa tsikulo adatchula mifunda ya mabanja awiriwo, midzi imene makolo ao adachokera, ndi ntchito zimene adadziwika nazo. Amayi adaimba nthungululu, ndipo mayi a mkwati, amene tidawadziwa kuti ndi munthu wolimba mtima, tidawaona akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Nanga ife tidampatsanji mnyamatayo? Mbale ya mpunga, nthuli ziwiri za nkhuku, botolo la chakumwa ndi mau akuti zikomo. Adabwerera kwao wapansi, dzuwa litalowa. Lero palibe amene akumbukira nyimbo zimene zidalizidwa tsiku lija, koma ndakatulo ija anthu aikambabe. Motero pamene bambo a ku Dedza aopa kuti mwana wao adzagona ndi njala, sakuopa mthunzi. Akuopa anthu onga ife, amene tikonda kumva mau okoma koma sitidazolowere kuwagula.

LUSO LIMENELI SI LACHILENDO

Chinthu choyamba chimene tifuna kuzula m'mitima ya makolo ndi ganizo lakuti kulakatula pamaso pa anthu ndi khalidwe lobwera ndi mafoni. Makolo athu adali alakatuli asanaone pepala. Mayi wosinja pamtondo ankapeka mau odzudzula mwamuna waulesi kapena mpongozi wolongolola, mudzi wonse numva, popanda womuimba mlandu. Wosimba nthano madzulo sankapitirira ngati omvera aleka kumvomera. Pa miyambo ikuluikulu ya Angoni, ku Ntcheu ngakhale ku Mzimba, mpaka lero timva munthu akufuula maina aulemu a mfumu ndi mbiri ya makolo ake. Ndipo pamene Nelson Mandela ankalumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa South Africa pa 10 Meyi 1994, mnyamata wotchedwa Zolani Mkiva adaimirira nalakatula zotamanda mwa mwambo wa Axhosa, dziko lonse lapansi likuona.

Sukulu itabwera, luso limeneli lidalowa m'mabuku. M'zaka za m'ma 1960 a E.J. Chadza adatulutsa buku lotchedwa Ntchito za Pakamwa, a J.W. Gwengwe natulutsanso lao lotchedwa Ndakatulo. M'chaka cha 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College adayambitsa gulu la alembi limene linkakumana sabata ndi sabata. Wolemba ankawerenga ntchito yake mokweza, anzake naisanthula popanda kumnyengerera, ndipo m'gulu limeneli mudatuluka a Jack Mapanje ndi ena amene maina ao amveka kunja kwa dziko lino. Wailesi ya MBC nayo, imene kwa zaka zambiri idali yokhayo m'dziko muno, idazoloweretsa makutu a anthu kumva ndakatulo za Chichewa zikulakatulidwa.

Chimene chili chatsopano ndi mpikisano wake. Ku Chicago, m'dziko la America, munthu wina wogwira ntchito ya zomangamanga, dzina lake Marc Smith, adatopa ndi misonkhano ya ndakatulo imene omvera ankangowodzera. M'chaka cha 1984 adayamba kukonza madzulo a ndakatulo a mtundu wina, ndipo mu 1986 adawasamutsira ku malo otchedwa Green Mill, kumene kudakhazikika mpikisano wotchedwa slam. Malamulo ake ndi osavuta: mlakatuli anene ndakatulo yopeka yekha, asapitirire mphindi zitatu, asagwiritse ntchito zoimbira kapena zovala za sewero, ndipo oweruza asanu asankhidwe mwa omvera omwewo, aliyense napereka malikisi kuyambira 0 kufikira 10. Mwambo umenewu udafalikira m'maiko ambiri, mpaka udafika m'makutu a ana athu. Koma tikauyang'anitsitsa tipeza kuti ndi bwalo lathu lakale lomwe lija: munthu mmodzi, pakamwa pake, ndi khamu limene silibisa ngati lakondwa kapena latopa.

ADADYERA CHIYANI AMENE ADATSOGOLA?

Tsono tifike pa funso la mayi athu. Njira yabwino yoliyankhira ndi kuyang'ana amene adatsogola, pakuti safunsa adadya phula. A David Rubadiri, amene ndakatulo zao zawerengedwa m'sukulu za maiko ambiri a mu Africa, adali mphunzitsi, ndipo mu 1964 adakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku bungwe la United Nations; pambuyo pake adatsogolera Yunivesite ya Malawi. A Steve Chimombo, eni ndakatulo za Napolo, adaphunzitsa pa Chancellor College zaka zambiri. A Mapanje adali mkulu wa chigawo cha maphunziro a Chingerezi pa koleji yomweyo. A Benedicto Wokomaatani Malunga, amene mau ao adachititsa ambiri kukonda ndakatulo za Chichewa, adagwira ntchito ya mu ofesi pa yunivesite kufikira adakhala mlembi wamkulu wa yunivesite yonse. Akuluakulu onsewa adali ndi ntchito ya malipiro pambali pa luso lao. Ndakatulo zidawapatsa dzina, koma ufa wa m'nyumba udachokera ku malipiro a pamwezi.

Komabe sitikhala tanena zoona zonse ngati tilekera pomwepa, pakuti alipo ena amene pakamwa pao padasanduka munda wao. Linton Kwesi Johnson, wobadwira ku Jamaica mu 1952 nakulira ku London, adayamba kulakatula m'chinenero cha kwao motsagana ndi ng'oma ndi magitala a reggae, ndipo mu 1981 adatsegula kampani yakeyake yojambula malekodi, motero adakhala mwini wa mau ake ndi wa malonda ake omwe. Upile Chisala, mtsikana wokulira ku Zomba, sadadikire kuti osindikiza mabuku amuitane. Mu 2015 adadzisindikizira yekha buku lake loyamba, anthu nalidziwa kudzera pa intaneti, ndipo mu 2019 kampani ina ya ku America idalisindikizanso. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, mlakatuli wothawa kwao ku Congo, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, adalambula bwalo lakelake: mu 2014 adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mkati mwa msasa wa othawa kwao, chimene chakoka alendo zikwizikwi kupita kumalo kumene kale ankangokumva.

Ambiri a ife tidaonanso Amanda Gorman, mtsikana wa zaka 22, akulakatula pa mwambo wolumbiritsa Joe Biden pa 20 Januwale 2021. Achinyamata athu aona mphindi zowerengeka zija naganiza kuti mwai udangomgwera ngati mango akupsa. Saona kuti mtsikanayu adakula ndi vuto la lilime, kotero kuti chilembo cha r chinkamkanika kufikira atasinkhuka, ndipo adalimbana nacho zaka zambiri. Saonanso kuti sadasiye sukulu, koma adapitiriza mpaka adatsiriza digiri yake pa Harvard mu 2020.

Mwa anthu onsewa titengapo mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ambiri adagwira khasu ndi dzanja limodzi, cholembera ndi linalo. Yachiwiri ndi yakuti amene adadyera luso lao sadakhale pansi kudikira kuti wina awatulukire, koma adadzisandutsa amalonda, osindikiza ndi okonza zochitika. Wofuna kudyera pakamwa pake adziwiretu kuti ya pa nsanja ija ndi kachigawo kochepa ka ntchitoyi. Yochuluka ichitika masana, pa makalata, pa foni ndi pa kope la maakaunti.

NDALAMA YAKE ICHOKERA KUTI?

Kuno kwathu timitsinje tobweretsa ndalama kwa mlakatuli tilipo tinai, ndipo palibe kamodzi kamene kayenda madzi chaka chonse. Koyamba ndi zochitika: maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya makampani ndi miyambo yotsazikana ndi ophunzira. Zimenezi zichuluka m'chilimwe, anthu atagulitsa mbeu, koma Januwale ndi Febuluwale akafika, pamene chimanga chakwera mtengo ndipo fizi ikufunika, foni ikhala chete. Kachiwiri ndi ndakatulo zochita kuitanitsa. Mabungwe a zaumoyo, a zamaphunziro kapena a zachilengedwe afuna kuti uthenga wao ulowe m'makutu a anthu m'njira yosaiwalika, ndipo awa kawirikawiri alipira bwinoko, koma afuna munthu wosunga nthawi, wodziwa kulemba kalata ndi kupereka lisiti. Kachitatu ndi ntchito zoyandikana nazo, monga kutsogolera mwambo, kubwereketsa mau ku zotsatsa malonda za pa wailesi, kapena kuphunzitsa ana luso la kulankhula pagulu. Kachinai ndi zojambula.

Pa zojambulazi mpofunika kuchenjeza. Kale munthu ankagulitsa kaseti, pambuyo pake CD, ndipo ndalama inkaoneka m'manja. Lero ndakatulo ikajambulidwa m'mawa, madzulo yafika kale ku Nsanje, ku Karonga ndi ku Johannesburg pa WhatsApp, mwini wake osalandirapo ngakhale tambala. Zoonadi, zojambula ndizo zathandiza kudziwitsa dziko alakatuli monga Robert Chiwamba ndi Q Malewezi, ndipo kudziwika ndiko kumene kuitanitsa munthu ku zochitika. Koma mwana wathu asasokoneze kutchuka ndi chuma. Chojambula chili ngati chikwangwani cha pamseu: chilozera anthu ku sitolo, koma icho si sitolo.

Ngakhale zili tero, lamulo lomteteza lilipo. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, litolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito luso la ena, monga nyumba zoulutsira mau, ndi kugawira eni luso, ndipo lamulo la umwini wa zopekapeka lidalembedwanso mwatsopano mu 2016. Koma bungwe silingagawire munthu amene silimdziwa. Mlakatuli apite yekha akalembetse dzina lake ndi ntchito zake, ndipo asunge makope ake oyamba, olembedwa masiku, monga umboni wakuti mauwo ndi akedi.

Tionjezepo malangizo atatu amene tidawaphunzira pa ukwati uja, ife tili mbali ya olakwa. Mtengo unenedwe ntchito isanayambe, ndipo ulembedwe, ngakhale ndi uthenga wa pa foni chabe, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Theka lilipiridwe tsiku lisanafike, pamodzi ndi ndalama yoyendera. Masiku ano, ndi Airtel Money kapena Mpamba, palibe amene anganamizire kutalika kwa mtunda. Ndipo mtengowo uziunikidwanso kawirikawiri. Kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, motero amene alipiritsabe mtengo wakale agwira ntchito yaulere osadziwa. Padzakhala ambiri onena kuti, "Bwera udzalakatule, ndalama tilibe koma udziwika." Poyamba mau amenewa ali ndi phindu lake, pakuti mlakatuli watsopano asowadi omvera. Koma muyeso wake ndi uwu: ngati wa zoimbira walipidwa, wa zithunzi walipidwa, mlakatuli yekha asauzidwe kuti akadye kudziwika.

NTCHITO YOSAONEKA

Tsopano titembenukire kwa iwe, mwana wathu, pakuti tidziwa kuti mayi ako adzakuonetsa tsamba lino. Luso uli nalo, sitikayika. Koma luso ndi mbeu chabe, ndipo mbeu ikangokhala m'nkhokwe osadzalidwa, sibereka. Werenga kwambiri, ndipo usawerenge za anzako a pa intaneti zokha. Funafuna mabuku a akuluakulu tawatchula aja, uone m'mene adalumikizira mau. Khala pansi ndi agogo ako, uwafunse maina a mitengo, a mitundu ya mvula, a ziwiya za m'nyumba zimene zikutha, pakuti mlakatuli wosauka mau ali ngati mmisiri wa matabwa amene ali ndi nyundo yokha. Lemba tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku limene mtima sufuna, ndipo usaope kufafaniza, chifukwa nthawi zina mzere umene waukonda koposa ndiwo uyenera kuchoka.

Ukatha kulemba, ntchito yafika pakati chabe. Ndakatulo ya pakamwa iyesedwa ndi khutu, motero uinene mokweza kambirimbiri, uzindikire pamene mpweya ukukuthera, nuikepo kupuma. Uiloweze kufikira ungathe kuinena ukusinja kapena ukutunga madzi, chifukwa pa nsanja mantha adya theka la zimene munthu adaloweza mwachiphamaso. Dzijambule ndi foni, udzimvere wekha, ngakhale poyamba udzachita manyazi ndi mau ako. Phunzira kugwira chimkuzamau, osachimeza, osachithawanso. Dziwa kuti kufuula si mphamvu. Kawirikawiri khamu likhala chete koposa pamene mlakatuli watsitsa mau. Ndipo sunga nthawi. Mphindi zitatu za slam zili ndi nzeru yake, pakuti anthu akhululukira ndakatulo yaifupi yosakoma, koma sakhululukira yaitali ngakhale ikome chotani, makamaka pamene nsima ikuzizira m'mbale.

Za chinenero tinenepo mau awiri. Tamvapo achinyamata ena akulakatula m'Chingerezi chopinda lilime ngati adabadwira ku New York, akudandaula za mavuto a m'miseu imene sadaipondepo. Chingerezi si choipa, ndipo chitsegula makomo a zikondwerero zakunja monga Poetry Africa, chimene chidayamba ku Durban mu 1997. Koma a ku Durban safuna kumva Mmalawi akutsanzira Mwamerika, pakuti Aamerika enieni alipo kale. Afuna kumva za mzere wa pa chigayo, za mayi wopita ndi mwana wodwala kuchipatala pa kabaza usiku, za fungo la mvula yoyamba m'mapiri a Dedza. Zimenezi palibe wina angazinene koma iwe. Ndipo funa anzako awiri kapena atatu oti azikuuza zoona, monga ankachitira a gulu la alembi lija, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kuomba m'manja kwa abale si muyeso wa ndakatulo.

MISAMPHA YA PANJIRA

Msampha woyamba ndi wa ndale. Nyengo ya chisankho ikafika, monga ija ya mu Seputembala 2025, ofuna mipando asowa anthu a pakamwa pakuthwa, ndipo envelopu yao ndi yonenepa kuposa ya pa ukwati. Koma mlakatuli amene agulitsa lilime lake kwa munthu mmodzi, tsiku limene munthuyo agwa iyenso agwa naye, ndipo anthu sabwerera msanga kudzamkhulupiriranso. Mbali inayo nayo ili ndi mtengo wake. A Mapanje, amene buku lao la Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, adamangidwa mu Seputembala 1987, nakhala m'ndende ya Mikuyu kufikira Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo adapita, ndipo malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 apatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Koma ufuluwo sulola kunamizira munthu kapena kuipitsa mbiri yake. Mlakatuli anene zokhazo zimene angathe kuziimira pamaso pa mfumu ndi pa khoti.

Wachiwiri ndi wa kuseketsa. Khamu liseka msanga munthu akanyoza akazi, olumala, kapena a mtundu wina, ndipo mlakatuli wosakhwima akamva anthu afa nalo phwete aganiza kuti wapambana. Kuseka kotere nkotsika mtengo, ndipo kutseka makomo a sukulu, a mabungwe ndi a mabanja olemekezeka, kumene kuli ntchito yokhalitsa. Wachitatu ndi wa kuba mau a ena. Kale munthu ankatha kutenga ndakatulo ya ku Lusaka nadzaitcha yake ku Lilongwe. Lero foni iliyonse ndi mboni, ndipo dzina likada pa mlandu umenewu silichapika.

Pali chinanso chimene bambo ako mwina sadachitchule, koma chagona pansi pa mkwiyo wao. Zochitika zambiri zichitika usiku, zina m'malo ogulitsa mowa, ndipo si onse olonjeza kujambula mtsikana kwaulere amene afuna mau ake okha. Usapite wekha ku situdiyo ya munthu wosamdziwa. Makolo adziwe kumene uli ndi nthawi imene ubwerere. Ndalama ya ulendo wobwerera ikhale m'thumba lako iwe mwini usananyamuke. Kuteroko si mantha ai, koma nzeru ya munthu wofuna kukhalitsa pa ntchito yake.

TSONO MAYI AIME MBALI ITI?

Mayi athu, musaime mbali. Imani pakati, monga fuwa lachitatu, limene likachoka mphika ugwa. Malangizo athu ndi akuti mwanayo alembe kalata ya ku sukulu ya aphunzitsi ija, osati monga wogonja pa nkhondo, koma monga mlimi wosunga mbeu. Ena adzati mapanga awiri avumbwitsa. Ife tikuti uphunzitsi ndi ulakatuli si mapanga awiri, koma phanga limodzi la makomo awiri. Mphunzitsi aimirira pamaso pa khamu tsiku ndi tsiku, khamu lovuta koposa lina lililonse, la ana amene sabisa akatopa. Aphunzira kutulutsa mau popanda chimkuzamau, ali ndi Loweruka ndi tchuthi zopitira ku zochitika, ndipo malipiro ake, ngakhale achepe, ampatsa mphamvu yokana envelopu yonunkha. Pakhalenso pangano looneka: mwanayo asunge kope lolembamo ndalama iliyonse imene ndakatulo zamlowetsera ndi imene zamtulutsira. Tsiku limene kopelo lidzaonetsa, kwa zaka ziwiri zotsatana, kuti pakamwa pake palipira lendi ndi chakudya, pamenepo banja likhalenso pansi, ndipo bambo adzamve nkhaniyi ndi makutu ena. Manambala sakangana ndi munthu.

Kwa inu bambo, tilankhula monga anzanu a msinkhu umodzi. Mantha anu tawamva, ndipo tawavomereza pamwambapa. Koma kope lija lidali thukuta la mwana wanu la zaka zitatu. Moto uja sudatenthe ndakatulo, pakuti mlakatuli wa mtundu umenewu asunga zake pamtima. Chimene udatentha ndi njira ya pakati pa inu ndi iye. Kupepesa kwa kholo sikuchotsa ulemu. Ngati mau akukanikani, pitani ku golosale mukagule kope la chikuto cholimba, mulembe dzina lake pachikutopo ndi dzanja lanu, mumpatse. Pambuyo pake mumpemphe kuti akulakatulireni imodzi, inu mutakhala pampando, osamdula pakamwa. Mwina mudzapeza kuti mwana amene mumamuyesa wothawa ntchito wakhala akugwira ntchito usiku, inu muli m'tulo.

Ndipo kwa ife tonse a m'makomiti a maukwati, a sukulu ndi a mabungwe: tikamalemba ndondomeko ya ndalama, tiziikapo mzere wa mlakatuli pafupi ndi wa wojambula zithunzi. Luso limene eni mudzi salilipira limafota, kapena lisamukira kwa amene alilipira ndi zolinga zao. Ife tafunsafunsa za mnyamata wa pa ukwati uja, ndipo tamva kuti tsopano apalasa njinga ya kabaza pa boma, ndi kuti kulakatula adaleka. Loweruka likudzali tikakwera njinga yakeyo, ndipo tikafika kumene tikupita tidzampatsa envelopu imene yachedwa zaka zisanu. Ngati adzailandira kapena adzatibwezera, tidzakuuzani pakhonde pano mwezi wamawa. Mayi a ku Dedza, mutilemberenso. Tifuna kumva ngati kope latsopano lagulidwa.